Bambo Anga Sankavina pa Ukwati

Bambo anga sankavina pa ukwati. Aliyense wa pa famu ija ya kufupi ndi Selous, kumene ndinakulira, ankadziwa zimenezo. Wailesi ilire, ng'oma zilire, amayi azungulire bwalo mpaka fumbi koboo, iwo ankangokhala pa mpando, chipewa pa bondo, nsapato zomanga bwinobwino ngakhale kutenthe chotani. Anzawo ankawaseka kuti anabadwa ndi miyendo ya m'busa. Iwo ankangomwetulira n'kupempha tiyi wina.

Pano bambo anatisiya, n'chifukwa chake ndalimba mtima kulemba izi. Komabe pali mawu ena amene dzanja langa likukana, choncho ndingonena zimene ndinaona ndi maso.

Ndili kamtsikana, kukomboni kwathu kunachitika maliro a mkulu wina wochokera ku Dedza, ndipo masana ake kunatuluka gule. Ife ana tinathawira kumbuyo kwa amayi athu, tikusuzumira m'mbali mwa zitenje. Panabwera chilombo china cha nthenga za nkhuku kumutu, thupi lonse matope okhaokha, nkhope yosaoneka. Chinkavina ngati pansi pakutentha. Chikaponya phazi, dothi linkafika pa amayi oimba, iwo n'kumalulutira. Ine maso anga anatera pa phazi lamanzere. Linalibe zala zakumapeto. Phazi lotero ndinkalidziwa, chifukwa bambo mwala unawadula zala ku mgodi wa kufupi ndi Kadoma asanayambe ntchito ya pa famu, ndipo ndine ndinkawatengera madzi osambitsa mapazi akaweruka.

Ndinakoka chitenje cha amayi. "Amayi, phazi lija..."

Ananditsina pa ntchafu mpaka misozi. Sanasiye kuwomba m'manja, sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Yang'ana ng'oma."

Tikutsuka mbale madzulo ake anandiuza zotsalazo, mawu ali pansi. Anati zilombo zimachokera kumanda, zilibe phazi la munthu amene umamudziwa, ndipo mkazi wolongosoka akaona phazi amayang'ana kwina. Amayi anali a mvano, bulauzi yoyera yochapa ndi kusita mlungu uliwonse, ndipo sankaona chovuta kuimbira Mulungu m'mawa n'kuimbira zilombo masana. Bambo anali oletsedwa mgonero, koma tchalitchi sankajomba. Ankakhala kumbuyo n'kumaimba besi yogwedeza malata. Nditakula ndinazindikira kuti amayi onse a pa komboni ankadziwa mapazi a amuna awo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegulapo pakamwa. Ndinazindikiranso chifukwa chake bambo ankakhala pansi pa maukwati. Munthu ukhoza kubisa nkhope, koma kavinidwe kako amayi amakaloweza, ndiye akanangoimirira kamodzi akanawapatsa amayiwo ntchito yoyang'ana kwina pa chisangalalo cha eni ake.

Kusukulu ku Chegutu nkhani inali ina. Ana a Chishona ankatitcha mabhurandaya, dzina lawo lonyozera ife obwera, ndipo ankati zvigure, ndilo dzina la gule kuno, zimafukula mitembo, zimaba ana, zimamwa magazi. Ndinamenyanapo ndi mtsikana wina pa nkhani imeneyi mpaka kumung'ambira yunifomu, pakuti ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Nditayamba unamwino ku Kadoma ndinapeza kuti kulinso nyumba ina yakale, ya mawindo ang'onoang'ono m'mwamba, imene azungu a m'migodi ankasonkhanamo amuna okhaokha. Anzanga a kuntchito ankawoloka msewu akafika pamenepo. Ankati mkatimo muli bokosi la maliro, ndipo anthu ake amamwa magazi. Ndinaseka, chifukwa anali mawu omwe aja a kusukulu, angosintha eni ake. Anthu akaona chitseko chotseka sapirira, amaikamo okha zimene akuziopa. Ine za m'nyumbamo sindikuzidziwa, ndipo za kudambwe, kumene zilombo zimakonzekera, sindikuzidziwanso, poti ndine mkazi.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ine ndili pa maphunziro, choncho analeredwa ndi makolo anga, poyamba pa famu, kenako ku Pfupajena, komboni ya ku Chegutu, kumene anasamukira famu itasintha eni. Amayi atamwalira, mtsikanayo anatsala ndi agogo ake aamuna mpaka anamaliza sukulu. Iwo ankamutcha mkazi wanga, monga amachitira agogo ndi adzukulu, iye ankawatcha Sekuru, ndiko kuti agogo m'Chishona. Amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chishona, ndipo awiriwo ankatha kukangana tsiku lonse aliyense m'chinenero chake, za mchere wa m'ndiwo kapena za mpira.

Atapeza mwamuna, ndinakondwa. Mnyamatayo amagwira ntchito ku mgodi, amakhala ku Turf, ndi wofatsa mwina mopitirira. Kwawo ndi ku Kadoma komweko, ndipo amapemphera tchalitchi china cha zokuzira mawu ndi maulosi. Za roora, ndiwo malowolo kuno, zinayenda bwino, bambo ndiwo anakhala pa mpando wa mwini mwana. Tinagwirizana kuti pa tsiku la ukwati iwo ndiwo adzamugwire mkono kulowa naye m'tchalitchi. Anatulutsa suti yawo yakuda, anaitumiza kochapitsa, n'kumayeserera kuyenda pang'onopang'ono pakhonde, ndodo ataibisa kumbuyo kwa chitseko.

Ndiye tsiku lina masana ndikudya kuntchito anandipeza asewele anga, amayi ake a mnyamata. Anakana mpando. Anagwira chikwama ndi manja awiri n'kunena kuti amva kumsika kuti sekuru ndi a zvigure.

Ndinati, "Bambo anga ndi nkhalamba yoyendera ndodo."

"Sindinafunse za ndodo, amai. Ndauza abusa. Anena kuti sekuru abweretse katundu wawo yense, amuwotche okha pamaso pa mpingo. Akapanda kutero sangaponde m'tchalitchi, ndipo sangagwire mkono wa mwana amene akulowa m'nyumba mwathu."

Ndinkafuna kuwalalatira, koma ndinaona kuti mayiyo sanabwere kudzandinyoza, anali ndi mantha enieni. Ankaona adzukulu awo osabadwa atagwidwa kale ndi mizimu. Chakudya chija ndinachisiya pomwepo, ndipo nditaweruka ndinakwera kombi ya ku Chegutu ndili ndi yunifomu.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka la ukwati sindinakhazikike. Msewu wa Kadoma ndi Chegutu ndinauloweza ngati khonde la nyumba yanga. Ndikakhala ku Kadoma mtima unkati pita ukalankhule nawonso, ndikafika ku Pfupajena unkati bwerera ukachonderere abusa. Mahwindi, anyamata oitanira anthu m'makombi aja, anayamba kundisungira mpando wakutsogolo. Kuntchito ndinkayeza munthu kuthamanga kwa magazi n'kuiwala zimene ndapeza, ndiyambirenso. Chakudya sichinkalowa, ndipo siketi inayamba kuzungulira m'chiuno.

Bambo ndinawapeza akuthirira masamba kuseri kwa nyumba. Ndinawafotokozera zonse mothamanga, iwo akumvetsera madzi akusefukira mu ndowa.

"Katundu wanji?" anafunsa.

"Baba, musandivutitse. Mukudziwa zimene akunena."

"M'nyumba muno mulibe kanthu, mayi. Lowa uone."

Ananditsogolera okha, natsegula sutikesi yachitsulo imene anthu a mu mzere wawo ankainong'oneza. Munali ovolosi yakale, bulauzi ya mvano ya amayi, bulangete la tsiku la maliro awo, ndi buku la nyimbo lopanda chikuto. Ndinkadziwa kale kuti sindipeza china. Ngakhale mkazi amadziwa kuti za gule sizigona m'nyumba momwe muli ana, zimakhala kuthengo kufupi ndi manda, ndipo zina zimatenthedwa mwambo ukangotha. Thengo la pa famu lija pano ndi maenje a okumba golide. Katundu amene abusa ankafuna kunalibe kulikonse pa dziko lino.

Ndinapita nazo kwa abusa. Anali bambo wachinyamata, waulemu, wa nsapato zonyezimira. Anandilandira bwino, anandipatsa madzi ozizira, n'kundiuza kuti iye wamasula anthu ambiri a zvigure ndipo sanaonepo wopanda katundu. Akati palibe, ndiye kuti chilipo chachikulu. Ndinamufunsa kuti munthu angasonyeze bwanji chinthu chimene alibe. Anati mpingo uyenera kuona moto, apo ayi anthu sadzadya pa ukwatiwo. Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima, Mulungu andikhululukire, n'kukwera kombi ina.

Nzeru inachokera kwa achimwene anga amene ali ku Mangalande. Iwo chilichonse amachithetsa pa foni, ali pa sofa.

"Sisi, mukuvutikiranji? Akufuna chigoba, apatseni chigoba. Ku Harare amagulitsa m'mbali mwa msewu kwa alendo. Mdala akachiponye pamoto, anthu aimbe aleluya, mwana akwatiwe. Ndani wavulala?"

Ndinawauza kuti ndi zopusa. Koma kutacha ndinaona kuti nzeru ina ndinalibe, ndipo ndinavomera. Mnzawo wa ku Harare anagula n'kupatsira kondakitala wa basi ya ku Bulawayo, ine ndinakadikira pamsewu ku Chegutu dzuwa lili paliwombo. Chinabwera m'thumba la pulasitiki lokulunga ndi nyuzipepala. Ndinakwera kagalimoto kopita ku Pfupajena, tili othinana ngati matumba a fetereza, thumba lili pa miyendo. Pa bampu ina nyuzipepala inang'ambika, ndipo mphuno ndi mano zinasuzumira kunja. Mayi amene anali pambali panga anakuwa kuti "Maiwe, Jesu!" n'kulamula dalaivala aime. Anatsika anthu onse a mpando wakumbuyo, wina anasiya ndi tomato wake. Ndinafika ku Pfupajena nditatambasula miyendo koyamba chiyambire maulendo amenewa.

Bambo ataona chimene ndatulutsa, nkhope inasintha. Anadzuka opanda ndodo, anatseka chitseko, anakoka katani. Kenako anachitenga, anachitembenuza, anachinunkhiza. Chinali chakuda bii, chosalala, cha milomo yaikulu, chikununkha polishi wa nsapato. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ine ndikuwasisita pamsana.

"Ichi n'cha azungu chopachika pakhoma," anatero akupukuta misozi. "Wasema ameneyu sanaonepo bwalo. Munthu angapume bwanji umu?"

Anazindikira kuti alankhula mopitirira. Ine ndinalowerera pomwepo. Ndinati ndi bwino kuti n'chabodza, palibe chimene ataye, angochinyamula Lamlungu n'kuchiponya pamoto, basi.

"Ndichinyamule ndi manja angawa, pamaso pa amayi ndi ana?"

"Ndi mtengo chabe, Baba."

"Mtengowu ndi wabodza, koma manjawa ndi anga. Mwana woima kutsogolo akaona nkhalamba itanyamula nkhope ya chilombo, waphunzira chiyani? Ndamuuza chiyani?"

Ndinati ana a masiku ano amaona zonsezo pa foni, palibenso chinsinsi. Anati zimenezo n'za amene anajambulawo, iwo sanajambule. Kenako anandifunsa ngati ndikufuna kuti akaname m'nyumba ya Mulungu, anene kuti ichi n'chawo pamene chagulidwa dzulo. Mkwiyo wanga sunathe.

Anachiika pa tebulo chafufumimba, n'kulankhula motsitsa, osandiyang'ana. Anati anthu amene anabwera nawo kuchokera kumudzi anatha onse, ena ali m'manda a pa mafamu amene pano alimapo chimanga, ena ku migodi yotsekedwa. Anati munthu akamwalira kuno wopanda mbale, wopanda womulira, abwana ankangotumiza thirakitala, ndipo ndi zilombo zimene zinkabwera kudzamuperekeza kuti apite ngati munthu wa kwawo. "Ndiye ine ndikaime pagulu ndinene kuti amene aja anali a Satana? Kuti mwana wanga adye keke?"

"Si keke, Baba! Ndi mwana amene munamulera nokha. Alibe bambo wina. Anthu akufa akuposa mwana wamoyo?"

Anangoti, "Amayi ako anandisungira ulemu mpaka tsiku lomwe anatseka maso. Sanandifunsepo."

Ndinakulunga chigoba chija n'kutuluka osatsanzika. Ndinali nditakwiya ndi aliyense: abusa ndi moto wawo, asewele ndi mantha awo, achimwene ndi sofa yawo, bambo ndi kuuma mutu kwawo, ngakhale amayi omwe amene anandiphunzitsa kutseka pakamwa n'kundisiya ndekha ndi nkhaniyi. Chigobacho chili pamwamba pa kabati yanga mpaka lero. Kuchitaya ndimaopa kuti ana angachitole, kuchiwotcha manja amakana.

Mkamwini anayesa mbali yake. Analankhula ndi amayi ake, iwo analira n'kusala kudya, iye anabwerera ku Turf mutu uli pansi. Mwana wanga ndiye anapsa mtima kuposa ine. Loweruka lina anandikoka kuti tipite limodzi ku Pfupajena, ndipo asanakhale n'komwe pansi anawauza agogo ake kuti ukwati wa m'tchalitchi authetsa.

"Handichati kana musipo, Sekuru," anatero, kutanthauza kuti sakwatiwa iwo palibe.

"Iwe mkazi wanga, ine ndinakusudzula kalekale, ndiwo zako n'zopanda mchere. Wapezeka wokutola, ndiye ukufuna kubwerera kwa ine?"

"Musaseke, Sekuru."

"Sindikuseka. Khala pansi."

Anakhala pa mkeka, mutu atatsamira bondo lawo monga ankachitira ali mwana. Anamuuza kuti banja akukalowalo adzakhala nalo moyo wake wonse, ndipo si bwino kulowa ndi nkhondo pa chitseko. Anati apongozi ake si oipa, ndi amantha, ndipo wamantha umamuchiza ndi zaka, osati ndi tsiku limodzi. Anati palibe amene wawathamangitsa, asankha okha kukhala kunyumba, miyendo ikuwawa, ndipo tchalitchi chake n'chaphokoso. Anandiloza ndi chibwano. "Amayi akowa ndiwo akugwire mkono. Ayenda mokwanira mwezi uno, azolowera."

Mtsikanayo analira mpaka bondo la thalauza linanyowa. Ine ndinaimirira pakhomo, kulowa osalowa, kutuluka osatuluka. Ndinkayembekeza kuti mwina pomaliza anena kuti chabwino, bweretsani chinthu chanucho. Sananene, ndipo tinakwera kombi yobwerera.

Ukwati unachitika Loweruka ku Kadoma. Anthu amati unali wokongola, ndipo zithunzi zikuvomereza. Ine ndimakumbukira kulemera kwa mkono wa mwana wanga pa mkono wanga, ndi khosi langa limene linkangotembenukira kukhomo. Galimoto iliyonse ikaima panja ndinkati ndi iwo, asintha maganizo, abwera kudzaima ngakhale kuseri kwa mpanda. Ku holo sindinakhale pansi. Ndinkazungulira matebulo, kuona ngati mpunga wakwana, kutolera mabotolo amene sanali ntchito yanga. Asewele anabwera kudzandigwira manja, maso ali ofiira, n'kunena kuti akuwapempherera sekuru tsiku lililonse. Ndinati zikomo. Tinavina limodzi nyimbo imodzi, ine mano nditaluma.

Kutacha Lamlungu, chakumasana, ndinamva hutala pakhomo. Anali mkamwini pa galimoto yobwereka, ndipo kumbuyo kunali mwana wanga atavalanso diresi la ukwati, velo ndi zonse, chigawo chapamwamba cha keke chili pa miyendo. Anati kutchalitchi sanapite, ndipo ndikwere msanga.

Titalowa mu Pfupajena ana anathamangira galimoto, amayi anatuluka m'mipanda akululutira. Mayi woyandikana ndi bambo anandikokera pambali ndisanalowe. Anandiuza kuti dzulo lonse mdala anakhala pakhonde atavala suti, tayi ndi nsapato, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osadya, akuyang'ana kumsewu. Anthu akamufunsa ankati akuwotha dzuwa.

Tinawapeza m'nyumba, kuseri kwa tebulo, atavalanso suti yomweyo. Nsapato zokha anali atavula, zili pambali pa mpando ndi masokosi mkati, chifukwa mapazi anali atatupa ndi kufinyidwa kwa dzulo. Sankayembekeza alendo. Ataona mkwatibwi pakhomo anafuna kuimirira, miyendo inakana, ndipo anangotambasula manja. Iye anagwada ndi diresi lake loyera pa simenti. Mkamwini anakhala chonjuta pakhomo akuwomba m'manja mwaulemu wa kwawo, mpaka bambo anamuuza kuti alowe asatseke mphepo.

"Ndiye wabwera kudzandionetsa chimene ndataya," anatero kwa mdzukulu wawo. "Tembenuka ndione. Ee, koma anthu awa andibera."

Ndinaika keke pa tebulo, ndinapita kukatenga mpeni ndi mbale. Pobwera ndinapeza mtsikanayo watsegula nyimbo pa foni, ija anavinira polowa mu holo, ya magitala othamanga ndi ng'oma pansi pake. Anatambasulira agogo ake dzanja.

"Simukai titambe, Sekuru." Ankawapempha kuti adzuke avine naye.

"Ine sindivina, ukudziwa. Vina ndi mwamuna wakoyo ndione ngati ali ndi miyendo."

Anavina awiriwo m'kachipinda kaja, pakati pa tebulo ndi kabati, diresi likukolopa pansi. Mkamwini ankavina mwamanyazi ngati munthu woponda mazira, bambo n'kumamuseka. Anakhala mowongoka, manja onse pa tebulo, nkhope ya munthu woonerera. Koma nsalu ya pa tebulopo inali yaifupi, ndipo ine ndinali nditaima chakumbali.

Phazi lamanzere linali litayamba. Poyamba chidendene chokha, kenako lonse, likugunda, likukwapula simenti cham'mbali monga muja linkaponyera dothi kwa amayi oimba. Silinkatsata magitala, linkatsata ng'oma ya pansi ija, ndipo linkaipeza malo amene ine sindinkawamva. Linali lotupa, la mitsempha, lopanda zala zakumapeto, koma linali lopepuka ngati la mnyamata. Kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba bambo sanagwedezeke n'pang'ono pomwe. Sindikudziwa ngati ankadziwa.

Mkamwini potembenuka analiona. Anachedwetsa mapazi ake, maso ali pansi pa tebulo, pakamwa patatseguka pang'ono ngati akufuna kufunsa. Ndisanaganize chochita, mwana wanga anamugwira chibwano ndi zala ziwiri n'kumutembenuzira nkhope kwa iye. Sanasiye kuvina, sanayang'ane pansi. Ndipo mwana amene sanandiyankhepo m'Chichewa chibadwire analankhula m'Chichewa, ndi mawu a amayi anga enieni.

"Yang'ana kuno."

Mnyamatayo anayang'ana mkazi wake, ndipo sanatsitsenso maso mpaka nyimbo inatha. Ine ndinayang'ana keke n'kuyamba kuidula, ngakhale mpeniwo sindinkauona bwino.